Yankho kwa achemwali amene anamenyedwa ndi bwana wawo kuntchito

Achemwali, ndawerenga zimene mwalemba, zoti amene amakuyang'anirani pa ntchito anakumenyani mbama n'kukukankhirani kukhoma anzanu akuona, ndipo chikadandaulireni kwa akuluakulu, iye wakhala akukulemberani makalata a chenjezo pa zifukwa zosamveka komanso kukuopsezani kuti akuchotsani ntchito. Pepani kwambiri, zandikhudza. Mwafunsa ngati lamulo lingakutetezeni. Likhoza ndithu, koma dziwani kuti pamenepa pali milandu iwiri yosiyana, ndipo uliwonse uli ndi kumene umakadandaulidwa.

Kumenya munthu ndi mlandu wa kupolisi, ndipo udindo wa womenyayo sumuchotsera mlandu. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma ngati mukugwira ntchito ku Malawi, Penal Code, lamulo lofotokoza milandu ndi zilango zake, imati womenya mnzake mpaka kumuvulaza atha kukakhala kundende mpaka zaka 5. Pitani kupolisi, akupatseni kalata yopita nayo kuchipatala kuti dokotala akuyezeni n'kulemba lipoti. Chonde musazengereze, chifukwa kutupa kwa patsaya kumaphwa pakangopita masiku ochepa, pamene lipoti la dokotala ndi chithunzi cha pafoni chokhala ndi tsiku zimakhalabe umboni ngakhale patapita chaka. Akuluakulu a pakampani akakuuzani kuti nkhaniyi ithere mu ofesi, kumbukirani kuti alibe mphamvu yokuletsani kupita kupolisi.

Mlandu wachiwiri, umene ndikuona kuti ndi umene ukukusowetsani tulo, ndi wa kukubwezerani chifukwa chodandaula. Gawo 31 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka ndi mwachilungamo. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000, pa gawo 57, limanena kuti kudandaula kuti olemba ntchito aphwanya lamulo si chifukwa choyenera chochotsera munthu ntchito kapena kumulanga, komanso kuti asanakuchotseni pa mlandu wa khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito ayenera kukupatsani mpata woti muyankhepo. Atakuchotsani, ndi iwo amene ayenera kuonetsa chifukwa chomveka, malinga ndi gawo 61. Makalata a chenjezo amenewo akulembedwa kuti pa tsiku limenelo adzaoneke ngati anali ndi chifukwa, ndiye musawanyalanyaze. Kalata iliyonse muziiyankha polemba, mwaulemu, kutchula tsiku limene munamenyedwa ndi tsiku limene munadandaula, ndipo kope lanu alidinde chidindo kapena alisainire kuti alandira. Makope amenewo, pamodzi ndi mauthenga a pa WhatsApp ndi mayina a amene anaona, muzisunga kunyumba, osati mu kabati ya kuofesi.

Ndikukupemphani kuti musasiye ntchito chifukwa cha mkwiyo, ndipo musasainire pepala lililonse limene simunaliwerenge modekha. N'zoona kuti gawo 60 limalola munthu kusiya ntchito ngati khalidwe la omulemba lafika posapiririka, ndipo lamulo limatenga kusiyako ngati kuchotsedwa, koma pamenepo udindo wobweretsa umboni umagwera inuyo, ndipo ndi njira yovutirapo. Musajombenso popanda kalata ya dokotala, chifukwa mungawapatse chifukwa chimene akuchifunafuna. Ngati pomenyapo panalinso kukugwirani thupi mosayenera kapena kukufunsirani mokakamiza, Gender Equality Act ya 2013, lamulo loletsa kusiyanitsa amuna ndi akazi, imatenga zimenezo ngati mlandu wapadera, choncho muzitchule poyera.

Ngati muli m'bungwe la anthu apantchito, auzeni atsogoleri ake lero, ndipo mukhozanso kukafunsa thandizo la loya ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu. Akakuchotsani, gawo 62 limakupatsani miyezi itatu kuchokera tsiku limenelo kuti mukadandaule kwa mkulu wa za ntchito wa m'boma lanu, ndipo zikalephereka kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti limene lingalamule kuti akubwezereni pa ntchito kapena akupatseni chipukuta misozi. Tsiku lokuchotsanilo mudzalilembe, ndipo musadzalole kuti malonjezo a kukambirana akuthereni miyezi itatu imeneyo.