Chifukwa chake dola ya fodya sikhalitsa m'thumba mwa mlimi

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene mlimi wa ku Kasungu amakhalabe wosauka ngakhale fodya wake amagulidwa m'madola ku msika wa fodya wa Chinkhoma. Mtengo umachokera kwa makampani akunja opanga ndudu, ndipo popeza ogula kuno ndi ochepa, mlimi alibe mphamvu yonenerera. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi feteleza, amene timaitanitsa kunja: nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, kenako kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa thumba limodzi unakwera koopsa. Wolima pa kontrakiti akadulidwa ngongole ya zipangizo, ndalama yotsala imathera kwa aganyu ndi mayendedwe. Musaiwalenso kuti mu 2019 dziko la America linaimika fodya wathu pamadoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ana ntchito m'minda.