Bambo a mwana ndi Mpwitikizi, nanga pa fomu tichonge pati?

Achemwali ena omwe amakhala ku Fall River, ku Massachusetts m'dziko la America, andilembera imelo. Amuna awo ndi Mpwitikizi wa ku zilumba za Azores, mwana akuyamba sukulu, fomu ikufunsa ngati ndi Hispanic, kutanthauza munthu wa chikhalidwe cha Chisipanishi, kapena ayi. Iwo anachonga kuti eya poganiza kuti Portugal ndi Spain ndi khomo ndi khomo, apongozi atawona akuti mpaka nsima, kaya ndi supu amadya kumeneko, sinalowe. Ndiye akufunsa kuti wolakwa ndani.

Achemwali, funso lanuli landitokosa pachilonda. Agogo anga aamuna anali a ku Angónia, m'chigawo cha Tete, kungodumpha malire pa Dedza apa. Nthawi imeneyo amene ankagawa anthu m'mabokosi anali Apwitikizi omwewo. Munthu wakuda unali indígena, umayenda ndi kachitupa, ukapanda kulipira msonkho chibalo chikukudikira. Kuti utulukemo umayenera kukhala assimilado: uziyankhula Chipwitikizi bwinobwino, uzidziwa kulemba, ukhale ndi ntchito yooneka, mkazi mmodzi, miyambo yakwanu uisiye. Agogo anali atelala, ndipo anayesetsa zedi, anagula tebulo ndi mipando, mafoloko, anawaletsa agogo aakazi kukhala pamphasa kukabwera alendo, ana kunyumba Chichewa ayi. Mayi anga amati mafolokowo ankatuluka pokhapokha kukamveka njinga yamoto, ikangodutsa aliyense kusamba m'manja nkubwerera ku nsima yake. Chikalatacho sanachipeze. Lamulo lenilenilo linadzathetsedwa mu 1961, agogo nkutsala ndi tebulo lawo komanso ana oti pocheza ndi asuweni awo a ku Dedza lilime limachita kukoka.

Nde mukandiuza kuti lero mdzukulu wa Mpwitikizi akuvutika ndi bokosi la boma la eni, ine ndimaseka kaye, pepani, kenako ndimamva chisoni chifukwa ndi matenda omwe aja.

Taonani mmene America yawazunguzira Apwitikizi. Ku Hawaii anayamba kufika mu 1878 kuchokera ku Madeira, kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Azungu eni minda sankawawerengera ngati anzawo, ankawapatsa ukapitawo basi, pakati pa bwana ndi olima ochokera ku China ndi Japan, ndipo pa kalembera kumeneko Portuguese unali mzere wakewake, wosiyana ndi azungu ena, mpaka cha m'ma 1930. Kagitala kaja ka ukulele anabweretsa ndi iwowa, koma uzungu anachita kuwudikira. Kwanuko ku New Bedford ndi Fall River anabwera pa zombo zosaka anamgumi, kenako mafakitale a nsalu, ena anabwera phiri la Capelinhos litaphulika pa chilumba cha Faial mu 1957, Congress, nyumba ya malamulo ya America, nkuwatsegulira khomo mu 1958. Pakati pawo panalinso a ku Cape Verde, akuda, okhala ndi mapepala a Portugal chifukwa dziko lawo linalandira ufulu mu 1975. Iwo ankati ndife Apwitikizi, Apwitikizi oyera nkumati ayi inu si anzathu, America nkumati ndinu akuda basi. Apa mpamene ine ndimauma mtima, ndipo apongozi anu andikhululukire: mkwiyo wambiri wokana dzina la Hispanic si nkhani ya chiyankhulo yokha, muli mantha oti angatitsitse pa mzere womwe tinakwera movutikira. Si onse, koma mulimo.

Komanso mbali inayi ali ndi mfundo. Malamulo a boma la America a 1977, omwe anakonzedwanso mu 1997, amati Hispanic ndi munthu wochokera ku Mexico, Cuba, Puerto Rico ndi kwina kwa chikhalidwe cha Chisipanishi. Portugal mulibe, ngakhale Brazil kalembera saiwerengera mmenemo. Koma unduna wa zamtengatenga wa America yomweyo, pa pulogalamu yake yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono kupeza makontrakiti, kwa zaka zambiri unkalemba kuti Hispanic akuphatikizapo a chikhalidwe cha Chipwitikizi. Munthu mmodzi, boma limodzi, mayankho awiri, ngati kambale ka wogulitsa nyemba kosintha kukula malinga ndi amene wabwera kudzagula. Bungwe la Apwitikizi a ku America lotchedwa PALCUS linachita kampeni pa kalembera wa 2020 kuti anthu alembe okha mawu oti Portuguese pamzere wa mtundu, ndipo anapezeka oposa 1.4 miliyoni. Chodabwitsa, ku Portugal kwenikweniko kalembera safunsa za mtundu wa munthu, mu 2019 anakambirana zoti aikemo funsoli pa wa 2021 nkulikana. Ku Joni nako, nthawi ya apartheid a ku Madeira ogulitsa masamba ndi zipatso m'mashopu aja pa pepala anali White, pamsewu ankatukwanidwa ndithu.

Tsono muchonge chani?

Pa funso la Hispanic, malinga ndi tanthauzo la kalembera yankho ndi ayi, apongozi awina pamenepo. Pa funso la race, lofunsa za mtundu wa munthu, mukhoza kuchonga awiri, White komanso Black or African American, zinaloledwa kuyambira kalembera wa 2000, ndipo ngati pali mzere wolembapo lembani Portuguese ndi Malawian. Musangosiya osalemba, chifukwa kusukulu kholo likakana amatha kumuyang'ana mwana nkhope nkudzaza okha. Pitani ku ofesi mukapemphe fomu ina, sakumangani. Mu 2024 boma linasinthanso malamulowa kuti mafunso awiriwa akhale limodzi, ndiye musadabwe fomu ya chaka china ikadzabwera yosiyana, mkangano ndi apongozi nkuyambiranso.