Mwana wagwiriridwa: musayambire kwa amfumu

Mwafunsa kuti mutani popeza mtsikana wa zaka 13 m'mudzi mwanu ku Nsanje wagwiriridwa, koma achibale akufuna nkhaniyi ithere kwa amfumu.

Mlandu uwu si wolipitsana mbuzi ayi. Thamangirani naye kuchipatala maola 72 asanathe, kuti alandire PEP yomuteteza ku HIV komanso mankhwala oti asatenge mimba. Ngati n'kotheka asasambe, ndipo zovala zimene anavala musachape. Zikulungeni m'pepala osati m'jumbo, chifukwa chinyezi chimawononga umboni. Kenako pitani kupolisi ku Victim Support Unit, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. A Social Welfare ndiwo amakaona za pakhomo, n'kuunika ngati mwanayo ayambe wakhala kwa wachibale wina mlandu uli kukhoti, potsata lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana.

Povuta ndi apa: ogwira ntchitoyi ndi ochepa, mafuta a njinga zamoto amasowa, ndipo Shire ikasefukira madera ngati Makhanga safikirika msanga. Mukazengereza, wolakwayo amangowolokera ku Mozambique. Ndiye lembani tsiku limene mwadandaula ndi dzina la wapolisi amene walandira nkhaniyo, muzikafunsa sabata iliyonse pamene yafika.