Ilala isapume, chonde

Mayi wina wa ku Rosettenville, kwawo ku Nkhata Bay, anditumizira imelo. Akuti ana awo obadwira kuno ku Joni sakhulupirira kuti sitima yomwe iwo ankakwera ali mtsikana ikuyendabe. Ndiye afunsa: kodi Ilala ili ndi zaka zingati, nanga bwanji osangoipumitsa n'kuisunga ngati mabasi akale aja a ku James Hall Museum of Transport, kufupi ndi komwe amakhalako?

Mayi, Ilala ndi gogo ndithu. Anaipanga a kampani ya Yarrow ku Glasgow mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Dzinalo inalowa la sitima ya amishoni ya mu 1875.

Koma zoipumitsazo ine ndakana. Basi ikhoza kukhala pansi pa denga zaka zambiri ili bwinobwino. Sitima ikangoima pamadzi, dzimbiri limayamba kuidya kunsi komwe maso safika. Mboni ndi mkulu wake, Chauncy Maples. Imeneyo inalowa m'madzi mu 1901, dzina lake ndi la bishopu wa Anglican yemwe anamira m'nyanjamo mu 1895. Inagwirapo ntchito ya mishoni, ya usodzi, kenaka yonyamula anthu, mpaka anaimangirira ku Monkey Bay. Anthu akufuna kwabwino anasonkha ndalama zoti ikhale chipatala choyenda panyanja, koma ntchitoyo inathera panjira.

Ilala yapulumuka chifukwa anthu akuifunabe. A ku Likoma ndi Chizumulu, a ku Usisya ndi Ruarwe komwe msewu ndi wovuta, amaidikira ngati mvula. Ndiye ikadwala amaikonza, injini anaisinthapo, penti amapaka. Imachedwa, inde, nthawi zina tsiku lathunthu, ndipo ine ndinalumbirapo kuti sindidzaikweranso. Ndinabwereranso.

Anawo musangowaonetsa zithunzi pafoni. Mukapita kumudzi, akwezeni. Ingopewani miyezi ya mwera, makamaka June ndi July, mafunde ake sasewera ndi mimba ya mlendo. Akaone okha sitima itaponya nangula patali ndi gombe usiku, maboti ake akutsitsidwa, anthu akupatsirana matumba a chimanga, madengu a usipa, malata, ngakhale mwana wakhanda pamwamba pa mitu. Muwauziretu apinde mathalauza, chifukwa potsika madzi amafika m'mawondo.