Ndalama zachoka mu akaunti m'dzina la yunivesite: muyambire apa

Amayi, mwafunsa za K1,850 imene yachoka mu akaunti yanu kawiri mwezi uno, pa sitetimenti palembedwa dzina la yunivesite, pomwe fizi ya mwana wanu munalipira kale pa kauntala kuno ku Chipata. Musanakwere basi kupita ku Lusaka, yambani mwadziwa njira imene ndalamazo zatulukira, chifukwa njirayo ndi imene ikuuzeni woyenera kukubwezerani.

Pemphani sitetimenti yathunthu ya miyezi itatu, osati kapepala ka pa ATM, kamene kamadula mawu. Pa mzere wokayikitsawo lembani tsiku, ndalama, nambala ya reference ndi mawu onse ofotokozera. Mukaona POS, ECOM kapena VISA, ndalama zinachoka kudzera pa khadi. Mukaona DDACC, pali fomu imene inasainidwa yolola kuti azidula okha mwezi ndi mwezi. Mukaona Bill Muster kapena transfer, wina analipira kuchokera mu akauntiyo, mwina pa foni.

Kenako funsani kunyumba, mofatsa. Ambiri amadumpha apa. Kulipira pa intaneti sikufuna kuti khadi likhale m'manja, kumangofuna manambala 16 a kutsogolo, tsiku lothera ntchito ndi manambala atatu a kumbuyo. Mwana akhoza kukhala kuti analipira hositelo, mayeso obwereza, transcript kapena gauni ya graduation, n'kuopa kunena. Ngati anafunsira malo ku sukulu yakunja, ndalama idzaoneka yachilendo chifukwa inali ya madola kapena ma rand, banki n'kuisintha kukhala kwacha ndi kuwonjezapo yake. Nthawi zina dzina lolembedwa ndi la kampani yolandirira ndalama monga Flywire, osati la sukulu. Fufuzaninso mameseji a foni yanu pa tsikulo. Ngati OTP (nambala yachinsinsi imene banki imatumiza pa foni kuti mutsimikize kulipira) inabwera ndipo wina anailowetsa, a banki adzati munavomereza nokha, ndipo kubwezeredwa ndalama kumavuta kwambiri.

Za kudula kawiri: onani ngati mizere yonse iwiri yadutsadi. Netiweki ikavuta, makina amagwira ndalama kawiri, ina n'kubwerera yokha patapita masiku angapo. Ma reference akakhala awiri osiyana ndipo sabata yatha osabwerera, imeneyo ndi yodandaula.

Ngati palibe akudziwapo kanthu, tsekani khadi lero lomwe, pa app kapena poimba nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadilo. Mbava zimayamba ndi ndalama yochepa kuti zione ngati khadi likugwira. Mawa pitani ku nthambi ya banki ndi NRC (chitupa cha unzika) ndi sitetimenti, mupemphe fomu ya dispute, yokanira ndalama imene yadulidwa. Musachoke popanda nambala ya dandaulo ndi kope lodinda chidindo. Kungouza wa pa kauntala ndi pakamwa sikusiya umboni. Malamulo a Visa ndi Mastercard nthawi zambiri amapereka masiku 120, koma musadikire kufika kumeneko. Ikakhala DDACC, pemphani kuti akuonetseni fomu imene munasaina, ndipo lembani kalata yoimitsa ku banki ndi ku sukulu komwe, chifukwa kutseka khadi sikuimitsa DDACC.

Ku yunivesite, lankhulani ndi ofesi ya accounts, osati aphunzitsi. Mwana atulutse sitetimenti yake pa portal (tsamba la sukulu la pa intaneti), muiyerekeze ndi ya ku banki mzere ndi mzere. Pali zinthu ziwiri zimene zimachitika kawirikawiri. Nambala ya wophunzira ikalakwika ngakhale pamodzi, ndalama imakagwera kwa mwana wa eni ake, wanu n'kumaoneka ngati ali ndi ngongole. Lisiti la ku banki ndi limene limakonza zimenezo, choncho lisungeni bwino ndipo lijambuleni, inki yake imafufutika msanga. Chachiwiri, sukulu zambiri sizibweza ndalama yopitirira pokhapokha mutapempha polemba. Zimangoisunga kuti ikhale ya semesita yotsatira. Ngati mwana akupitiriza maphunziro, mwina kuisiya n'kwabwino kuposa kudikira miyezi. Ngati akumaliza chaka chino, lembani kalata tsopano.

Banki ikachedwa kapena ikakana popanda chifukwa chomveka, pemphani yankho lolembedwa, mupite nalo ku Bank of Zambia kapena ku CCPC (bungwe la boma loteteza ogula) pamodzi ndi makope onse. Ngati zikuoneka kuti ndi kuba, kanenenso ku polisi, popeza a banki angafune lipoti lawo.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mwalemba nkhaniyi pagulu. Wina akhoza kukuimbirani n'kunena kuti ndi wa ku banki kapena wa ku sukulu, akufuna PIN kapena OTP kuti akubwezereni ndalama pa Airtel Money kapena MoMo. Dulani foni. Ndipo ngati mwaika chithunzi cha sitetimenti pano, chichotseni, nambala ya akaunti yanu isaonekere aliyense.