Kodi ma feminist akufuna chani ku ndale? Kuyankha imelo ya mchimwene wa ku yunivesite

Sabata yatha kwabwera imelo yochokera kwa mnyamata wina amene akuphunzira za ndale ku yunivesite. Funso lake mwachidule ndi ili: "Achemwali, pa kosi yathu ya political theory atipatsa mutu wa maganizo a ma feminist. Ine ndikuona ngati nkhani yake ndi yongowerenga kuti ku palamenti kuli amayi angati basi. Komanso kodi izi si za azungu? Kwathu ndife a chikamwini, mtundu timatsata kwa amayi, ndipo dziko lino lakhalapo ndi pulezidenti wamayi. Nde vuto lili pati?"

Achimwene, zikomo pofunsa, ndipo mwachita bwino kufunsa mosabisa mawu chifukwa ambiri amangong'ung'udzira kumbali. Zowerenga mipando ya ku palamenti zilipo inde, ndizikhudza kumapetoko, koma ndi kachigawo kochepa chabe. Funso lenileni la ma feminist, anthu omenyera ufulu wa amayi, pa nkhani ya ndale ndi lakuti, anthu aja analemba mabuku onena za boma, ufulu ndi chilungamo, akamati "munthu" ankaganiza za ndani? Ndipo nthawi yomwe munthu ameneyu ali pabwalo kukamba za dziko, ana ake ali ndi ndani, nsima yake waphika ndani?

Yambani ndi Aristotle, katswiri wa nzeru wa ku Greece wakale, amene ndikudziwa kuti mwamuwerenga kale. Iye anagawa moyo pawiri, kuli mzinda komwe amuna aufulu amakambirana ndi kulamulirana mosinthana, kenako kuli nyumba komwe bambo amalamulira mkazi, ana ndi akapolo, ndipo ankati zimenezi ndi chilengedwe basi. Demokalase ya ku Athens yomwe timaitamayo mkazi sankaponya voti olo kuyankhula pa msonkhano. Patapita zaka mazanamazana kunabwera a Hobbes, a Locke ndi a Rousseau ndi ganizo loti boma limachokera pa mgwirizano wa anthu obadwa aufulu komanso ofanana. Koma taonani zomwe Hobbes analemba mu 1642, anati tiyerekeze kuti anthu angotumphuka m'nthaka ngati bowa, akuluakulu kale, opanda chowamangirira kwa wina aliyense. Munamuonapo munthu wotere inu? Aliyense anabadwa mwa mayi, anayamwa, wina anamusambitsa ndi kumubereka kumsana zaka zingapo asanadziwe olo dzina lake. Ganizo lonselo laima pa kuiwala ntchito imeneyi ndi amene amaigwira. Locke naye anatsutsa mwamphamvu zoti mfumu ili ndi mphamvu pa anthu ngati bambo pa ana ake, koma atafika pa banja anati mwamuna ndi mkazi akasiyana maganizo, mawu omaliza akhale a mwamuna poti ndi amene ali ndi luso ndi mphamvu zoposa. Rousseau mu 1762 analemba za ufulu wa nzika, chaka chomwecho mu buku lake la maphunziro analemba kuti mtsikana aphunzitsidwe kusangalatsa mwamuna.

Amayi sanadikire zaka zathu zino kuti ayankhe. Ku France Olympe de Gouges ataona kuti chikalata cha ufulu cha 1789 chawasiya amayi panja analemba chake cha ufulu wa mkazi mu 1791, ndipo mu 1793 anamudula mutu. Ku England Mary Wollstonecraft anamuyankha Rousseau mu 1792, kuti ngati amayi akuoneka operewera nzeru ndi chifukwa munawamana sukulu. Ndipo dziwani kuti ku France komweko amayi anapatsidwa voti mu 1944, ku Switzerland pa zisankho za dziko lonse mpaka 1971.

Amene anaifotokoza bwino nkhaniyi kwa ine ndi Carole Pateman mu buku lake la 1988, The Sexual Contract. Iye akuti pansi pa mgwirizano uja wa nzika pali mgwirizano wina wosatchulidwa, amuna anagwirizana kukhala ofanana pabwalo, aliyense nkukhala mfumu kunyumba kwake. Ndipo sizinali zongolemba m'mabuku ayi. Ku England kale mkazi akakwatiwa katundu wake ankasanduka wa mwamuna, mpaka malamulo a 1870 ndi 1882 anasintha zimenezi, ndipo khoti lalikulu la kumeneko linadzanena mu 1991, dzulodzuloli, kuti mwamuna akhoza kuzengedwa mlandu wogwiririra mkazi wake. Susan Moller Okin naye mu 1989 anamufunsa John Rawls funso lophweka. Rawls mu 1971 anati malamulo achilungamo ndi omwe anthu angasankhe asakudziwa kuti adzakhala olemera kapena osauka, koma osankhawo anawatenga ngati mitu ya mabanja, nde Okin akuti bwanji chilungamocho chikuthera pakhomo osalowa m'nyumba? Mwana amayamba kuphunzira chilungamo kunyumba, akamaona mlongo wake akudzuka m'mamawa kukatunga madzi ndi kusesa iye ali chigonere, ndipo onse awiri akuyenera kukafika ku sukulu nthawi imodzi, waphunzira kale kuti nthawi ya ndani ndi yofunika.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Malire a zapabwalo ndi zam'nyumba sanagwe kumwamba, anawaika ndi anthu, ndipo kuwaika pamenepo ndi ndale kale. Kwathu kuno mukudziwa mmene zimakhalira, mayi wamenyedwa nkhope yatupa, akapita kwa ankhoswe akumuuza kuti banja ndi kupirira, za m'nyumba sitiulula. Munthu yemweyo atamenyedwa ndi mlendo pamsika aliyense akanati ndi mlandu wa polisi. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja linabwera mu 2006, la chuma cha masiye lomwe limaletsa kulanda katundu mu 2011, ndipo zoti munthu asakwatiwe asanafike zaka 18 zinalowa mu malamulo aakulu a dziko mu 2017. Lililonse mwa malamulowa ndi boma kuvomera kuti zomwe tinkati ndi zam'nyumba ndi nkhani ya dziko, ndipo palibe lomwe linabwera lokha popanda amayi kulimbana.

Chinthu china chomwe chimandikhudza kwambiri ine ndi ntchito yosamalira anthu. Pitani ku chipatala cha boma chilichonse muzungulire kuseri komwe kumakhala magadiyani. Mupeza amayi ali pa mafuwa, utsi uli tolo, wina akuphika phala mu kapoto kakuda, wina akuchapa zitenje za wodwala pa mpope, usiku akayala chitenje pansi pafupi ndi bedi kuti wodwala akafuna kutembenuzidwa kapena kupita kuchimbudzi akhale pompo. Ambiri asiya munda, asiya geni, ena asiya sukulu. Amayi amenewa atati tsiku limodzi onse apite kwawo chipatala sichingayende, koma mu bajeti ya unduna mulibe, sawerengedwa ngati ogwira ntchito, ndipo mu mabuku aja a mgwirizano wa nzika mulibenso. Anthu ngati Joan Tronto ndi Eva Kittay akhala akunena kuti tonse timadalira ena tili makanda, tikadwala komanso tikakalamba, nde funso loti asamale ndani ndipo alipidwa chani ndi funso la chilungamo lofanana ndi la misonkho kapena la malo.

Tsopano za chikamwini. Apa muli ndi mfundo ndithu ndipo sindikufuna kuipeputsa. Mkazi amene ali pamudzi pawo, munda ndi wa kwawo, ana ndi a mtundu wake, banja likatha amene amanyamula katundu ndi mkamwini, ameneyo waima pabwino kusiyana ndi mkazi wa ku England wa zaka za m'ma 1800. Amayi akuluakulu a mbumba amakhala ndi mawu posankha mfumu, ndipo ku Msinja Makewana anali ndi udindo waukulu pa zopempha mvula. Ndipo alipo akatswiri a ku Africa konkuno omwe amadzudzula ma feminist a ku Ulaya ndi America pa chifukwa chomwechi. Ifi Amadiume mu 1987 analemba za Aigbo, Oyeronke Oyewumi mu 1997 za Ayoruba, mitundu ya anthu a ku Nigeria, kusonyeza kuti atsamunda ndi mamishoni anabweretsa zawo zoika mwamuna patsogolo m'malo momwe ukulu wa zaka kapena udindo unkaposa zoti uyu ndi mwamuna uyu ndi mkazi. Mu 1929 amayi zikwizikwi a kum'mwera chakum'mawa kwa Nigeria anaukira mafumu oikidwa ndi Angelezi pa nkhani ya msonkho, sanachite kuwerenga buku la mzungu aliyense. Nde mukati ndi za azungu, amayi amenewa muwaika kuti?

Koma funsaninso kuti mu chikamwinimo mwini mbumba ndi ndani. Ndi malume, ndi mlongo wake wa mkaziyo. Mtundu ukutsata kwa mayi koma wokamba mlandu pabwalo nthawi zambiri ndi mwamuna. Ndipo ndale zathu zinaugwiritsa ntchito mwambo umenewu moonekeratu. Kamuzu ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, amayi onse a dziko lino nkukhala mbumba yake, atavala nsalu ya nkhope yake kuvina pa misonkhano. Ulemu unalipo, amuna ankaopa kuzunza mbumba poyera, koma taonani malo omwe amayi anapatsidwa, otetezedwa ndi oimbira, osati opanga nawo ziganizo. Boma lomwelo mu 1973 linaika lamulo loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, linachoka mu 1993, koma mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi Blantyre anavulabe amayi mumsewu chifukwa cha zovala. Nanga amayi omwe anafuna kuyankhula m'malo movina? Rose Chibambo, yemwe ali pa K200 uja, anasonkhanitsa amayi kulimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda, anakhala mayi woyamba kupatsidwa udindo wa wachiwiri kwa nduna, koma atasemphana ndi Kamuzu mu 1964 anathawira kunja ndipo anakhalako zaka pafupifupi 30. Vera Chirwa, loya woyamba wachizimayi m'dziko muno, anagwidwa mu 1981 nkudzatuluka mu 1993, amuna awo a Orton atafera kundende. Mpaka lero pa msonkhano wa chipani chilichonse yang'anani amene ali padzuwa kutsogolo ndi nsalu za chipani, ndi amene akhala pamthunzi pa nsanja.

Za manambala zija. Pa chisankho cha 2019 amayi sanafike olo gawo limodzi mwa magawo anayi a mipando 193, ngakhale chaka chomwecho Catherine Gotani Hara anakhala sipikala woyamba wachizimayi. Ku Rwanda malamulo a 2003 anaika kuti amayi asachepere 30 pa 100 ndipo pano amaposa 60 pa 100 mu nyumba ya malamulo. Ine ndimati manambala ndi ofunika, chifukwa nkhani ngati ya amayi omwalira pobereka imachedwa kukambidwa ngati mu nyumbamo mulibe amene anagonapo ku matenite. Koma sindinganame kuti manambala okha amakwana. Joyce Banda analowa mu Epulo 2012 Bingu atamwalira, nthawi yake kunabwera lamulo la Gender Equality la 2013, koma mayi wa kumudzi uja anapitirizabe kuyenda mtunda womwewo kukatunga madzi. Komanso kampeni kuno imafuna ndalama, anthu amayembekezera kuti ugule bokosi pa maliro, upereke galimoto, ulipire fizi, nde amene alibe chuma m'dzina lake wagwa kale ma primary asanayambe, osanenanso zotukwanidwa kuti ndi hule.

Ndipo amayi si ofanana onse. Kimberlé Crenshaw mu 1989 anaonetsa kuti mkazi wakuda wa ku America amaponderezedwa m'njira yomwe lamulo loona za khungu lokha kapena za ukazi wokha silikanatha kuigwira. Kwathu kuno ndimaganiza za mayi wa mu ofesi amene akutha kupita ku wekishopu ya jenda ku nyanja chifukwa kunyumba kwake wasiya mtsikana wantchito wochokera kumudzi, wolandira ndalama yosakwana olo thumba la chimanga, wopanda tsiku lopuma. Ufulu wa mmodziyo wakwera pamsana pa mnzake, ndipo feminist amene safuna kukamba zimenezi ine sindigwirizana naye.

Pa asayimenti yanuyo, achimwene, ndingakulangizeni kuti musangondandalika magulu a ma feminist ngati mmene zilili mu manotsi. Tengani mfundo imodzi, ya Locke ija kapena ya Rawls, muiike pambali pa gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino lomwe limakamba za ufulu wa amayi, kenako mukapita kumudzi pa holide mukakhale nawo pa msonkhano wa a mfumu muone amene wakhala pampando, amene wakhala pansi, amene wayankhula ndi amene wanyamuka msonkhano uli mkati kukatereka ndiwo. Mukafunsenso agogo anu aakazi kuti munda uja ndi wawo inde, koma chimanga chikagulitsidwa ndalama amasunga ndani. Ngati ku laibulale kwanu kuli buku la Sylvia Tamale la 1999 lonena za aphungu achizimayi a ku Uganda, When Hens Begin to Crow, muyambe ndi limenelo musanapite kwa Pateman, chifukwa zambiri zomwe amayi a kumeneko anakumana nazo pa kampeni muzizindikira msanga.