Labu Yati Mankhwala Ndi Oyenera, Nanga Matenda Akubwereranji?

Mayi wina wandilembera imelo yokhudza bambo ake okalamba amene anaikidwa kapaipi kotulutsira mkodzo. Ku labu anapeza kuti mabakiteriya a mumkodzo wawo amamva mankhwala amene dokotala anapereka, koma atangomaliza kumwa, thupi linayambiranso kutentha. Mayiwa akufunsa ngati a labu analakwitsa.

Mayi, n'kutheka kwambiri kuti sanalakwitse. Ku labu amafesa mabakiteriya m'kambale, n'kuikapo timapepala tozungulira tokhala ndi maantibayotiki osiyanasiyana, ndipo kukacha amayeza kukula kwa malo oyera ozungulira kapepala kalikonse, pamene mabakiteriyawo alephera kumera. Njira imeneyi, ya Kirby-Bauer, inakhazikitsidwa mu 1966 ndipo ndi yodalirika, koma imayesa mabakiteriya amene akudya bwino ndi kuchulukana mofulumira. Amene ali pa kapaipi ka bambo anu amakhala moyo wina.

Mabakiteriya akapeza chinthu choti amatirirepo, kaya ndi kapaipi, chitsulo cholumikizira fupa kapena chilonda chosapola, amaunjikana n'kudzikuta ndi zonanda zimene amapanga okha kuchokera ku shuga, mapuloteni ndi DNA, mofanana ndi ndere yoterera pa miyala ya mumtsinje. Zimenezi ndi zimene akatswiri amazitcha biofilm. Zonandazo zimachedwetsa mankhwala ena kulowa, komabe chovuta kwambiri chili mkati mwenimweni, mmene chakudya ndi mpweya zimachepa moti mabakiteriya ena amangogona osachulukana. Mankhwala a m'gulu la penicillin amapha bakiteriya pamene akumanga khoma lake pogawikana, choncho wogonayo amamudutsa. N'chifukwa chake mabakiteriya a mu biofilm amatha kupirira mlingo wa mankhwala woposa wa masiku onse maulendo 10 mpaka 1,000. Mankhwala akatha, ogona aja amadzuka, ena amachoka pa kapaipi n'kulowa m'chikhodzodzo, ndipo matenda amayambiranso.

Kupirira kumeneku n'kosiyana ndi kusamva mankhwala kochokera m'chibadwa cha mabakiteriya, koma kumatsegulira njira kusamvako. Mabakiteriya othinana chonchi amapatsirana mosavuta timphete ta DNA totchedwa plasmid, ndipo umu ndi mmene mabakiteriya otchedwa Escherichia coli ndi Klebsiella pneumoniae amalandirira mphamvu yophwanya mankhwala ngati ceftriaxone. Nthawi iliyonse imene wodwala amwa maantibayotiki kapaipi kakale kali pomwepo, mabakiteriya ofooka amafa, olimba n'kutsala ndi malo onse. Nkhaniyi imandidetsa nkhawa chifukwa kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2022 anasonyeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala.

Palinso bakiteriya wina wotchedwa Proteus mirabilis, amene amachititsa timiyala kuundana mkati mwa kapaipi mpaka mkodzo kulephera kutuluka.

Mukapitanso kwa dokotala, yambani mwafunsa ngati kapaipiko kakufunikabe, chifukwa kukachotsa ndiko kumathandiza kuposa mankhwala alionse. Ngati kakufunika ndipo katha milungu yoposa iwiri, pemphani kuti kasinthidwe mankhwala asanayambike, ndiponso kuti mkodzo wopita ku labu utengedwe pa katsopanoko, osati m'thumba losungira mkodzo. Mkodzo woderako kapena wonunkha, pawokha, si chifukwa chomwera maantibayotiki, pakuti aliyense wokhala ndi kapaipi nthawi yaitali amapezeka ndi mabakiteriya. Koma bambo akatentha thupi, kunjenjemera, kumva kupweteka m'mbali mwa msana kapena kusokonezeka maganizo, apititseni kuchipatala tsiku lomwelo.